Kachitseko ka Lancaster ndi malire a ndege zikuluzikulu zoponya mabomba

Kunsi kwa mphuno ya ndege yotchedwa Avro Lancaster, pamalo pamene woponya mabomba ankagona chafufumimba, kunali kachitseko kotalika masentimita 67 ndi masentimita 56 m'lifupi. Munthu atajambula muyeso umenewu ndi kamtengo padothi angadzionere yekha kuchepa kwake. Komatu kachitseko kameneka ndiko kanali njira yaikulu yothawira ya anyamata ambiri mwa asanu ndi awiri amene ankakwera ndegeyi pa nkhondo yachiwiri ya padziko lonse. Munthu ankafikapo atavala zovala zochindikala zotchinga kuzizira, nsapato zikuluzikulu ndiponso parachuti pachifuwa, mumdima wandiweyani, ndege ili lawilawi komanso ikuzungulira potsika, moti thupi linkalemera ngati lathiridwa mchenga. Freeman Dyson, katswiri wa masamu amene anayamba kugwira ntchito ku likulu la Bomber Command, gulu la ndege zoponya mabomba la dziko la Britain, mu 1943 ali ndi zaka 19 zokha, anadzafotokoza pambuyo pake kuti mwa anthu 100 aliwonse amene Lancaster yawo inagwetsedwa, pafupifupi 15 okha ndiwo ankatuluka amoyo. Mu ndege ina ya Britain yotchedwa Halifax ankapulumuka pafupifupi 25, pomwe mu ndege za America, zimene zinkauluka masana, ankapulumuka pafupifupi theka.

Akatswiri amene analemba mapulani a ndege zimenezi sanali anthu osadziwa ntchito kapena osasamala za moyo wa anzawo. Vuto lawo linali kulemera. Injini za nthawi imeneyo zinali ndi mphamvu zowerengeka, ndipo ngakhale zitakhala zinayi sizikanatha kukweza chilichonse chimene akuluakulu a asilikali ankafuna. Mabomba, mafuta, mfuti ndi zipolopolo zake, zitsulo zotchinga anthu, ndiponso malo oti munthu adutsemo, zonsezi zinkalimbirana kilogalamu imodzi yomweyo. Ukawonjezera mafuta kuti ndege ifike kutali, mabomba ankachepa. Ukawonjezera mfuti ndi anthu oziwombera, liwiro linkatsika ndipo ndege inkalephera kukwera pamwamba. Palibe ndege imene inapewa msampha umenewu, ndipo kusiyana kwa ndege za Britain, America ndi Germany kunali kungosiyana kwa chimene dziko lililonse linasankha kusiya pansi.

Maganizo amene anabala ndege zimenezi anayamba nkhondo isanabuke. Mu Novembala 1932, Stanley Baldwin, mmodzi wa nduna za boma, anauza nyumba ya malamulo ya Britain kuti ndege yoponya mabomba idzadutsa nthawi zonse ndipo palibe angaitchinge. Panthawiyo mawuwa ankamveka anzeru, chifukwa ndege zing'onozing'ono zosaka adani mlengalenga sizinali zothamanga kwenikweni kuposa zoponya mabomba, komanso makina a radar oonera ndege ikadali kutali anali asanayambe kugwira ntchito. Pofika 1940 zonse ziwirizi zinali zitasintha, koma mapulani a ndege zikuluzikulu anali atalembedwa kale pakati pa zaka za m'ma 1930, ndipo mafakitale anali atayamba kudula zitsulo.

Chitsanzo chooneka bwino cha mmene pepala la boma lingalumalitsire ndege isanabadwe ndi Short Stirling, ndege yoyamba yoponya mabomba ya injini zinayi imene Britain inatumiza kunkhondoyi. Unduna woona za ndege unalamula mu 1936 kuti mapiko ake asapitirire pafupifupi mamita 30 kuchokera kunsonga ina kufika kunsonga inzake. Thupi la ndegeyo linali lalitali ndiponso lolemera, choncho mapiko afupiafupiwo ankalephera kuikweza pamwamba ikasenza katundu. Pamene ndege zinzake zinkauluka pamtunda wopitirira mamita 6,000, Stirling inkatsalira m'munsi, pamene mizinga ya pansi inkaipeza mosavuta ndiponso pamene mabomba a anzake a pamwamba ankatha kuigwera. Nkhokwe yake ya mabomba nayonso inagawidwa m'tizipinda topapatiza tosatha kulandira bomba lolemera kuposa makilogalamu pafupifupi 900. Chakumapeto kwa 1943 anaichotsa pa maulendo opita mkati mwa Germany, n'kuipatsa ntchito zina monga kukoka ndege zopanda injini zonyamula asilikali.

Lancaster yomwe inabadwa kuchokera ku cholakwika. Kampani ya Avro, motsogoleredwa ndi Roy Chadwick, inayamba yapanga ndege ya injini ziwiri zazikulu yotchedwa Manchester, koma injini zake za Rolls-Royce Vulture zinkawonongeka kawirikawiri ndipo zinapha anthu ambiri popanda mdani kuwombera. Chadwick anatalikitsa mapiko n'kuikapo injini zinayi za Merlin, zocheperapo koma zodalirika, ndipo ndege yatsopanoyo inauluka koyamba mu Januwale 1941. Chuma chake chachikulu chinali nkhokwe ya mabomba yotalika mamita 10 yopanda chotchinga chilichonse pakati. N'chifukwa chake inkanyamula matani opitirira asanu ndi limodzi, ndipo ndege zina zitasinthidwa pang'ono zinafika ponyamula bomba la Grand Slam lopangidwa ndi katswiri Barnes Wallis, lolemera pafupifupi matani 10, limene ndege ina iliyonse ya ku Europe sikanalidzutsa. Anapanga ndege za Lancaster 7,377, ndipo Arthur Harris, mkulu wa Bomber Command, ankaikonda kuposa zonse.

Walira mvula walira matope. Kuti nkhokwe yaitali chotero ikwane kunsi, anthu anayenera kukhala pamwamba pake m'kanjira kopanikiza, ndipo mtanda waukulu wachitsulo wogwirizitsa mapiko awiri unadutsa mopingasa pakati penipeni pa thupi la ndegeyo. Ngakhale ndege ili phee pabwalo masana, munthu ankachita kukwera mtandawo ndi mawondo kuti achoke kumbuyo kupita kutsogolo. Woyang'anira wailesi ndi wolondola njira ankakhala kutsogolo kwa mtandawo koma kutali ndi kachitseko kaja, ndipo ankayenera kudutsa pambali pa woyendetsa ndege n'kutsikira kumphuno mmodzimmodzi. Mu Halifax anthu awiri amenewa ankakhala m'munsi chakumphuno, pafupi ndi chitseko chokulirapo, ndipo apa ndi pamene pankachokera mbali ina ya kusiyana kwa 15 ndi 25 kuja. Woyendetsa Lancaster anali mmodzi yekha, wopanda womulowa m'malo wophunzitsidwa mokwanira, ndipo ankayenera kugwirabe chiwongolero kuti anzake atuluke, choncho nthawi zambiri iyeyo ankatsala. Mnzake wa Dyson wotchedwa Mike O'Loughlin analimbikira kwa nthawi yaitali kuti kachitsekoko kakulitsidwe, koma nkhaniyo inkangoyenda m'maofesi, ndipo pamene chilolezo chinkafika pochitidwa nkhondo inali ikutha. Ndikaiganizira nkhani imeneyi, ndimaona kuti ndiyo yopweteka kwambiri pa zonse, chifukwa kukulitsa chitseko ndi masentimita ochepa sikunkafuna injini yatsopano kapena nzeru imene kunalibe. Kunkangofuna kuti wina avomere kuchedwetsa fakitale pang'ono.

Nkhani ya mfuti ndi yovuta mwa njira ina. Lancaster inali ndi tinyumba tagalasi titatu tozungulira, kumphuno, pamsana ndi kumchira, momwe munali mfuti zisanu ndi zitatu za mtundu wa Browning .303, zoombera zipolopolo za msinkhu wa mfuti wamba ya msilikali wapansi. Ndege zosaka za Germany zinali ndi mizinga ya mamilimita 20 ndi 30 yofika kutali kuposa pamenepo. Masana kusiyana kumeneku kunaonekera msanga. Pa 17 Epulo 1942, ndege za Lancaster 12 zinatumizidwa dzuwa likuswa mtengo kukaphulitsa fakitale ya injini ku Augsburg, ku Germany, motsogoleredwa ndi John Nettleton, mbadwa ya South Africa, wa gulu la 44 limene linkatchedwa dzina la Rhodesia chifukwa cha anyamata ochokera kudera lino la Africa amene anali m'gululo. Zisanu ndi ziwiri sizinabwerere.

Usiku mdima unkathandiza, koma kumimba kwa ndegeyo kunali kopanda diso. Kanyumba ka mfuti kamene kanaikidwa kunsi pa ndege zoyambirira kanachotsedwa chifukwa woombera sankaona bwino, ndipo pa ndege zambiri malowo anatengedwa ndi makina a radar oonera pansi otchedwa H2S. Kuyambira 1943 asilikali a Germany anayamba kuika mizinga iwiri yoloza m'mwamba pamsana pa ndege zawo zosaka usiku, njira imene ankaitcha Schräge Musik. Woyendetsa ankazembera kunsi kwa Lancaster mwakachetechete, n'kulunjika pakati pa injini ziwiri za phiko limodzi, pamene panali matanki a mafuta, osati pamimba pamene mabomba akanaphulika n'kumuphera limodzi. Phiko linkayaka m'kanthawi kochepa. Popeza opulumuka anali ochepa ndipo ambiri mwa iwo anagwidwa ukaidi, uthenga wa chimene chinkachitika unachedwa kufika ku Britain, ndipo anyamata ambiri ankaganiza kuti anzawo agwetsedwa ndi mizinga ya pansi. Usiku wa pa 30 Malichi 1944, pa ulendo wa ku Nuremberg, ndege 95 mwa 795 zinatayika.

Dyson ndi anzake anafika popereka ganizo lakuti tinyumba ta mfutito tichotsedwe, poti kulemera kwake ndi kukoka kwake mphepo zinkadya liwiro la makilomita pafupifupi 80 pa ola, komanso kuti ndege iliyonse yogwa izifa ndi anthu asanu m'malo mwa asanu ndi awiri. Akuluakulu anakana, ndipo chifukwa chawo n'chomveka: n'kovuta kuuza munthu kuti alowe m'dziko la adani manja ali lende. Komabe umboni unalipo kale. De Havilland Mosquito, ndege yopangidwa ndi matabwa, ya anthu awiri okha, yopanda mfuti ngakhale imodzi pa mtundu wake woponya mabomba, inkatha kufikitsa bomba la makilogalamu 1,800 ku Berlin n'kubwerera, ndipo inkagwetsedwa mwa apo ndi apo chifukwa chitetezo chake chinali liwiro.

Dziko la America linasankha njira yosemphana ndi imeneyi. Boeing B-17, imene inauluka koyamba mu Julayi 1935, inamangidwa pa chikhulupiriro chakuti ndege zambiri zikauluka mothithikana masana, mfuti zawo zonse pamodzi zidzakhala linga losabooleka. Mtundu wake womaliza unali ndi mfuti zikuluzikulu 13 ndi anthu khumi. Mtengo wake unali wakuti pa ulendo wautali wolowa mkati mwa Germany inkanyamula mabomba a matani awiri kapena kupitirirapo pang'ono, osasiyana kwenikweni ndi a kandege ka matabwa kaja. Ndegeyi inkauluka pamtunda wopitirira mamita 7,000 popanda chipinda chosunga mpweya, ndipo pa mitundu yambiri mazenera a m'mbali oomberapo anali pululu. Kuzizira kunkafika madigiri 40 kunsi kwa ziro ndi kupitirira. Munthu akavula magolovesi kuti akonze mfuti yokakamira, khungu linkamatirira kuchitsulo; malovu akaundana m'paipi ya okosijeni, ankakomoka mwakachetechete anzake osadziwa. Woombera wa kumimba ankapindika ngati mwana wosabadwa m'kampira kagalasi kochepa kwambiri moti kawirikawiri parachuti yake inkatsala mkati mwa ndege.

Linga lija linabooledwa kutsogolo. Oyendetsa ndege a Germany anazindikira kuti kumphuno kwa B-17 kunali mfuti zochepa, ndipo anayamba kubwera maso ndi maso. Pa 17 Ogasiti 1943, pa ulendo wa ku Schweinfurt ndi Regensburg, ndege 60 mwa 376 zinagwetsedwa. Pa 14 Okutobala chaka chomwecho, ku Schweinfurt komweko, zinagwanso 60 mwa 291. Ndege iliyonse inali anthu khumi. Anayesapo kupanga B-17 ina yodzaza mfuti ndi zitsulo yopanda mabomba, yotchedwa YB-40, kuti iziperekeza zinzake, koma zinzakezo zikataya mabomba n'kupepuka, iyo inkatsalira m'mbuyo ndi katundu wake. Anawonjezera kanyumba ka mfuti kuchibwano kwa ndege, ndipo kanathandizako, koma yankho lenileni linachokera kunja kwa ndegeyo: P-51 Mustang, ndege yosaka yokhala ndi matanki a mafuta otayika, imene kuyambira kumayambiriro kwa 1944 inkatha kuperekeza gulu mpaka ku Berlin.

Pali mbali ina imene imaiwalika, ya ngozi zopanda mdani. Ndege yoyamba ya mtundu wa B-17 inagwa pa 30 Okutobala 1935 pa bwalo la ndege la Wright Field ku America itangonyamuka, chifukwa zokhoma zoletsa mphepo kugwedeza zowongolera ndege ikaima sizinamasulidwe, ndipo ngozi imeneyi ndi imene imatchulidwa ngati chiyambi cha mndandanda umene oyendetsa ndege amawerenga asananyamuke mpaka lero. Pambuyo pake Alphonse Chapanis, katswiri wa maganizo a anthu, anapeza kuti oyendetsa otopa ankapinda matayala ndege itatera kale chifukwa kabatani ka matayala ndi ka tizipiko tochepetsa liwiro tinali tofanana ndiponso toyandikana. Anamatirira kathayala ka labala pa kena ndi kachidutswa kosongoka pa kenako kuti dzanja lizisiyanitsa lokha, ndipo vutolo linatha.

Consolidated B-24 Liberator ya America, imene inapangidwa yochuluka kuposa ndege zonse zikuluzikulu zoponya mabomba, zopitirira 18,000, inali ndi phiko lalitali lopyapyala limene linkaifikitsa kutali kwambiri, ndipo inathandiza kutseka dera la pakati pa nyanja ya Atlantic kumene sitima za pansi pa madzi za Germany zinkasaka momasuka. Koma phiko lomwelo silinkapirira kuwomberedwa monga la B-17, ndegeyo inali yolemera kuiwongolera m'gulu, fungo la petulo linkadzaza mkati, ndipo ikatera pamadzi zitseko zopyapyala za kumimba zinkaphwasuka n'kuimiza msanga. Oyendetsa ndege a ku South Africa a magulu a 31 ndi 34 anauluka ndi ndege zimenezi kuchokera ku Italy kukaponya katundu kwa anthu a ku Warsaw, ku Poland, amene anaukira asilikali a Germany mu Ogasiti 1944, motsika kwambiri pamwamba pa mzinda woyaka, ndipo ambiri sanabwerere.

Ku Germany vuto linali kufuna zonse pakamodzi. Ichi chakoma, ichi chakoma, pusi anagwa chagada. Heinkel He 177 inalamulidwa kukhala ndege yaikulu yofika kutali, koma inalamulidwanso kuti izitha kutsika chamutu poponya mabomba ngati kandege kakang'ono. Thupi linalimbitsidwa n'kulemera, ndipo pofuna kuchepetsa kukoka kwa mphepo, injini zinayi zinamangidwa ziwiriziwiri, gulu lililonse likuzungulitsa pulopela imodzi m'chikuto chopanikiza. Mafuta otayikira ankagwera pa mapaipi a utsi otentha, ndipo ndegezi zinkayaka zokha mlengalenga kawirikawiri moti oziyendetsa anazipatsa dzina lofanizira ndi kachipangizo koyatsira fodya. Lamulo la kutsika chamutu linachotsedwa mu 1942, koma nthawi inali itapita, ndipo Germany inamaliza nkhondo yopanda gulu lodalirika la ndege zikuluzikulu.

Malire aakulu kuposa onsewa anali akuti ndege zimenezi sizinkatha kuona chimene zinkafuna kumenya, ndipo apa mtengo unalipiridwa ndi anthu a pansi. Mu Ogasiti 1941 lipoti la Butt, limene linaunika zithunzi zojambulidwa ndi ndege za Britain usiku, linapeza kuti mwa ndege zimene zinanena kuti zafika pamalo, imodzi yokha mwa zitatu ndiyo inafika mkati mwa makilomita asanu ndi atatu kuchokera pa chandamale. Ndege yosatha kupeza fakitale ingathebe kupeza mzinda, ndipo kuyambira 1942 lamulo la Britain linakhala kuwotcha mizinda yathunthu. Ku Hamburg mu Julayi 1943 kunafa anthu pafupifupi 40,000. Asilikali a America ankadalira chipangizo cholunjikira cha Norden, chimene chinkachita bwino m'thambo loyera la kwawo, koma kumpoto kwa Europe mitambo ndi utsi zinkaphimba pansi kwa masabata, ndipo nawonso ankangoponya kudzera m'mitambo motsogoleredwa ndi radar.

Boeing B-29 ya America inapangidwa kuti ithetse zambiri mwa zofooka zimenezi. Inali ndi zipinda zosunga mpweya ndi kutentha, mfuti zowongoleredwa munthu ali patali, ndipo ntchito yoipanga inadya ndalama zoposa za bomba la atomiki. Koma injini zake za Wright R-3350 zinkatentha mopitirira muyeso, ndipo moto ukagwira zitsulo zake zosakaniza ndi magnesium unkatha kudula phiko. Ndege yachiwiri yoyesera inagwera pa fakitale ya nyama ku Seattle pa 18 Febuluwale 1943 n'kupha woyendetsa wotchuka Eddie Allen, anzake onse ndiponso anthu ena a pansi. Itafika pamwamba pa Japan inakumana ndi mphepo yamkuntho ya kumwamba kwambiri imene inkamwaza mabomba kutali ndi chandamale. Curtis LeMay, mkulu wa gulu la ndegezi, analamula kuti mfuti zambiri zichotsedwe, ndege ziuluke motsika usiku zitadzaza mabomba oyatsa moto, ndipo usiku wa pa 9 Malichi 1945 mzinda wa Tokyo unapsa n'kufa anthu pafupifupi 100,000. Ndege imene inamangidwa kuti izimenya molunjika ili pamwamba kwambiri masana inagwiritsidwa ntchito mosemphana ndi pulani yake yonse.

Mwa anthu pafupifupi 125,000 amene anauluka ndi Bomber Command, 55,573 anafa. Mmodzi wa iwo anali Andrew Mynarski wa ku Canada, woombera wa pamsana pa Lancaster ya gulu la 419, imene inawomberedwa pamwamba pa France usiku wa pa 12 Juni 1944. Atalamulidwa kudumpha, anaona kuti mnzake Pat Brophy watsekeredwa m'kanyumba ka kumchira, kamene kanakakamira chopingasa mapaipi oyendetsera kanyumbako atawonongeka. Mynarski anakwawa kudutsa m'moto, anayesa kuthyola chitseko ndi nkhwangwa kenako ndi manja, mpaka zovala ndi parachuti yake zinagwira moto, ndipo Brophy anamukodola kuti apite. Anadumpha akuyaka n'kumwalira ndi mabala amoto atafika pansi. Brophy anagwa pamodzi ndi ndegeyo, kanyumba kake kanasweka n'kumuponyera kunja, ndipo anakhala ndi moyo n'kudzafotokoza zimene anaona. Mwa ndege ziwiri za Lancaster zimene zikuulukabe masiku ano, imodzi imasungidwa ku Coningsby ku England, ndipo inayo ili ku Hamilton ku Canada, yoperekedwa kukumbukira Mynarski.